Mng'ono wanga ankaimba buku, sankawerenga

Bambo athu ali ku Joni, chaka chino n'chachitatu. Akafuna kutiuza kanthu amalemba meseji pafoni ya amayi, poti kuimba kumadya mayunitsi. Amayi analekera Sitandade 2, ndiye wowerenga mamesejiwo ndine.

Tsiku lina teremu yatha meseji inalowa ine ndili kuno kusukulu. Amayi anadikira mng'ono wanga wa Sitandade 3 kuti aweruke, n'kumupatsa foni. Tonse pakhomo tinkadziwa kuti mwanayo amatha kuwerenga. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anati maso akumuwawa. Nditafika cha m'ma 4 koloko ndinapeza kuti bambo akuti mnzawo adutsa pasiteji 2 koloko ndi katundu wathu, amayi akamudikire. Basi inali itapita kalekale. Katunduyo tinamulandira patatha milungu iwiri, amayi atachita kubwereka ndalama yoyendera kukamutenga kutauni.

Usiku womwewo ndinatenga buku lake la Chichewa. Tsamba loyamba anathamanga nalo ngati wailesi. Ndiye ndinabisa chithunzi ndi dzanja, n'kuloza mawu amodzi apakati pa mzere. Zii. Ndinaloza ena. Zii. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mwanayu analoweza buku lonse ngati nyimbo. M'kalasi mwawo ndi odzadza, ena amakhala pakhomo penipeni. Aphunzitsi akawerenga, kalasi yonse imabwereza pamodzi, ndipo amene sakudziwa amabisala m'mawu a anzake. Sindikuwada aphunzitsiwo ayi. Munthu mmodzi angamve bwanji pakamwa pa mwana aliyense?

Ndinayamba kumuphunzitsa, koma poyamba ndinalakwitsa. Akaphonya ndinkamukalipira kuti, "Iwe, mawu omwewa takuuza dzulo!" Tsiku lachitatu anaponya buku n'kukakhala kukhitchini akulira. Agogo anandiyitana. "Iwe unabadwa ukuwerenga? Kuthamanga sikufika." Manyazi anandigwira, chifukwa nanenso a, e, i, o, u ndinamuphunzira polemba padothi ndi chala.

Ndinasintha. Ndinapempha katoni ya sopo kugolosale, n'kuidula timakadi. Chichewa n'chokoma chifukwa chimawerengedwa mmene chalembedwera: ukadziwa maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu, ukhoza kulumikiza mawu ngakhale achilendo. Tinayambira pamenepo. Amene anamuvuta ndi a malembo ambiri monga nkhu, mpha ndi nsi, komanso kusiyanitsa ng'a ndi nga. Ng'ombe ankati ngombe mpaka agogo kuseka.

Kenako ndinaona kuti pali timawu timene timapezeka pafupifupi mumzere uliwonse: ndi, kuti, koma, ali, ndipo, chifukwa. Mwana akamaima pa timawu timeneti n'kumaphatikiza, pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Ndiye timeneti ndinafuna kuti azitidziwa pongotiona, ngati nkhope ya mnansi. Mlungu uliwonse makadi asanu basi. Ina ndinaimata pachitseko, ina pandowa, ina pankhokwe. Asanatunge madzi akumwa ankayamba wawerenga.

Chingerezi ndiye chinatiseketsa. Mawu akuti one anawawerenga kuti "o-ne", come anati "ko-me", said anati "sa-i-di". Sanalakwe kwenikweni, anangogwiritsa ntchito nzeru ya Chichewa. Ndinamuuza kuti m'Chingerezi muli mawu ena osamvera lamulo, monga the, was, you ndi one, ofunika kungowazolowera. Ndinalimbikira pamenepa chifukwa akadzafika Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula Chichewa, adzakhala m'Chingerezi. Ambiri a ife tikukumbukira mmene chaka chimenecho chinatipwetekera.

Madzulo aliwonse, dzuwa lisanalowe, timatenga kandime kamodzi n'kukawerenga katatu. Poyamba ndimawerenga ine, iye akulondola ndi chala. Kachiwiri timawerengera limodzi. Kachitatu yekha, mokweza. Ndinamuphunzitsa kuti pa mpumiro azipuma, pa mpatuliro azipuma pang'ono, pa mfunsiro mawu azimveka ngati funsodi. Akamaliza ndimamufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani, kuti asabwererenso kuimba kuja. Loweruka timatchera foni mphindi imodzi n'kuwerengera mawu amene wawakhoza. Ulendo woyamba anali 9. Loweruka lapitali anafika 31, ndipo manambalawo amawalemba yekha ndi khala kuseri kwa chitseko.

Sizophweka. Ndimayenda mtunda wautali, ndikafika kuli kutunga madzi ndi mbale, komanso JCE ili pakhomo. Masiku ena ndimangofuna kugona. Koma iye amabwera yekha ndi makadi aja m'kapepala ka shuga. "Achemwali, lero sitiwerenga?"

Lachiwiri lapitali ndinafika kunyumba amayi akumwetulira okha. Kunabwera meseji masana. Akuti mwanayo anakhala pamkeka, chala pafoni, n'kuwerenga pang'onopang'ono mpaka kumapeto: bambo akufunsa ngati mvula yayamba, ndiponso kuti tisachedwe kubzala. Anadodoma kamodzi kokha, pa mawu akuti feteleza. Amayi anamuuza kuti abwereze, osati poti sanamve ayi, ankangofuna kumvanso.

Anzanga, ambiri tili ndi ang'ono athu kupulayimale, ndipo timati aphunzitsi akudziwa okha. Lero mukaweruka tengani buku lake, bisani chithunzi, lozani mawu apakati pa mzere. Akawerenga, muyamikireni. Akakhala chete musamukalipire ngati mmene ndinachitira ine. Pezani katoni, muyambe ndi mawu asanu.

Wophunzira wa Fomu 2