Utsi wa Carina Kuseri kwa Nyumba ku Kabwe

Kuchokera pa mkuyu waukulu wa pakati pa tauni ya Kabwe kukafika kwa amalume, munthu amayenda pansi, ndipo njira yake imamuphunzitsa mbiri asanafunse. Umadutsa pafupi ndi malikulu a Zambia Railways, pomwe njanji inafika mu 1906 malowa akutchedwa Broken Hill. Ukatembenuka umaona chulu chakuda cha zinyalala za mgodi, chomwe anthu amati Black Mountain. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'dothi la Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo ndilo limadwalitsa ana. Mumgodi womwewu munafukulidwa chigaza chakalekale cha munthu mu 1921, chimene mpaka lero chili ku London.

Ine sindinadzere zapansi. Amalume, omwe anapuma ntchito ya njanji, ali ndi telesikopu yonenepa ngati ng'oma, galasi lake la masentimita 20, ndipo amaiika pakati pa mtengo wa mango ndi khola la nkhuku. Unali mwezi wa Meyi, mvula itatha, anthu asanayambe kutentha tchire.

Kunena zoona, bwalolo si lamdima. Babu la aneba limawala usiku wonse kuopa akuba, malole a pa Great North Road amaponya nyali zawo m'mwamba, ndipo Mlalang'amba umangooneka mwa apo ndi apo. Amalume analozetsa telesikopu kummwera, kudzanja lamanja la nyenyezi zinayi za Mtanda.

"Ona kaye chonchi, mphwanga," anatero.

Ndinaona nyenyezi zambirimbiri ndi kautsi kotuwa kosadziwika bwino. Kenaka anatulutsa m'kabotolo fyuluta, kagalasi kozungulira, kochepa ngati ndalama yachitsulo, konyezimira mbali zonse, kolembedwa OIII m'mphepete. Anakapotokolera kunsi kwa kagalasi koyang'anirapo.

Kumwamba kunada bii. Nyenyezi zing'onozing'ono zinasowa, zotsalazo zinasanduka zobiriwira. Koma utsi uja unaima poyera, wotambalala kupyola malire a galasi, ndi mpata wakuda woupatula pakati ngati chilembo cha V. Ndiwo mtambo wa Carina, womwe Nicolas-Louis de Lacaille anaulemba mu 1752 ali ku Cape. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 7,500 kuti kudzagwe pabwalo la nkhukuli. M'kati mwake muli Eta Carinae, nyenyezi yomwe mu 1843 inabuka moto mpaka kuposedwa ndi Sirius yokha.

Anthu ambiri amaganiza kuti fyulutayo imawonjezera kuwala. Ayi, imachotsa. Imagwira ntchito ngati sefa ya ufa: nyenyezi ndi mababu zimatulutsa kuwala kwamitundumitundu, pomwe mpweya wa mtambowo umawala pa mizere yochepa chabe. Okosijeni wake amawala pa nanomita 496 ndi 501, ndipo fyuluta ya OIII imalola kampata komweko basi. Kuwala kwachikasu kwa nyali zakale za m'misewu, kwa pa 589, kumatsalira kunja. Mababu oyera a LED ndiwo ovuta, chifukwa amathira pang'ono paliponse, mkampata muja momwemo, komabe zambiri zimatsekeka. Mtambo umatsika kuwala pang'ono, thambo limatsika kwambiri, diso n'kupeza posiyanitsira.

Mizere yobiriwirayi inazunguza akatswiri kwa nthawi yaitali. William Huggins ataiona mu 1864, anthu anayesa ndi mpweya wachilendo wosapezeka padziko, mpaka Ira Bowen anasonyeza mu 1927 kuti ndi okosijeni wamba amene wataya maelekitironi awiri, m'malo opyapyala kwambiri moti pansi pano sitingawapange.

Amalume ali ndi malamulo awo. Foni m'thumba, chifukwa diso limafuna mphindi 20 kapena kuposapo kuti lizolowere mdima. Chitenje cha azakhali kumutu, chifukwa fyulutayo ndi kalilole: kuwala kwa babu kukalowera m'mbali, umangoona diso lako lomwe. Ndipo uziyang'ana cham'mbali pang'ono, osati molunjika. Mwana wa aneba anasuzumira pampanda, naona anthu akuluakulu awiri atafunda chitenje pa chimgolo, nathawa osalonjera.

Titasunthira ku kagulu ka nyenyezi kotchedwa Jewel Box, pafupi ndi Mtanda, fyuluta inawononga zonse. Nyenyezi yofiira yomwe imakongoletsa kaguluko inazimiririka. N'chimodzimodzi ndi Omega Centauri: ndi nyenyezi zokhazokha, palibe mpweya wosefa. Apa ndi pomwe ogula mwachangu amakhumudwa. Ine ndikuti amene ali ndi ndalama za fyuluta imodzi ayambe ndi ya UHC, yomwe kampata kake n'kokulirapo ndipo imalolanso haidrojeni wa pa 486. OIII imafuna galasi lalikulu ndi mtima wodekha.

Cha m'ma 11 koloko, mphepo itayamba kuluma, mtambo wa Lagoon unali utakwera kummawa. Nawo unaonetsa mpata wake wakuda, koma wotuwa ngati mnzake.

"Amalume, nanga kufiira kwa pazithunzi kuja kuli kuti?"

"Kumeneko n'kwa kamera," anayankha akuthira tiyi. Kufiirako ndi haidrojeni wa pa nanomita 656, ndipo diso la munthu usiku silikumva nkomwe. Fyuluta yake ndi ya ojambula okha, omwe amasiya kamera yotsegula kwa maola.

Anandiuza kuti ndikabwera mu Ogasiti kapena Seputembala ndidzangomwa tiyi. Fumbi ndi utsi wa lupsa zimatseka kuwala kwa mtambo komweko kusanafike pagalasi, ndipo palibe fyuluta yobweza zimenezo. Mtambo wa Tarantula, wa mu Large Magellanic Cloud, womwe kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 160,000, amaudikira mpaka Disembala ndi Januwale, usiku wina mvula ikatsuka thambo n'kukata msanga. Anati ndidzabwere ndi mankhwala a udzudzu.