Chiganizo chachitali chili ndi mfundo zake ngati nzimbe

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, kuyambira 2023 kalasi ya 7 inasamukira kusekondale, ndipo ana athu akukumana ndi ndime zolimba za Chingelezi akadali aang'ono. Ine ndimaphunzitsa makalasi oyambirira kuno ku Angónia, koma ana amene ndinawaphunzitsa kuwerenga m'Chichewa amabwerabe pakhomo ndi makope awo. Dandaulo lawo n'limodzi: "Aphunzitsi, mawu ake ndi aatali, chiganizo sichikutha." Ambiri alibe dikishonale. Akalephera kawiri katatu amayamba kunena kuti Chingelezi n'cha ana a ku Malawi, basi n'kugwa ulesi.

Ndimayamba n'kuwaonetsa kuti mawu aataliwo ndiwo osavuta kwa mwana wa ku Mozambique. Chingelezi chinatenga mawu ambiri ku Chilatini ndi Chifalansa, ndipo Chipwitikizi nachonso chinabadwa ku Chilatini. Choncho -tion amakumana ndi -ção, -ity amakumana ndi -dade. Mwana wodziwa educação ndi comunidade wadziwa kale education ndi community. Koma ndimawachenjeza kuti ena amangofanana nkhope: library si livraria, push si puxar, actually si atualmente. Timene timagwetsa ana kwenikweni ndi timawu tating'ono ngati although, unless ndi yet, chifukwa timatembenuza ganizo lonse.

Chichewa nachonso chili ndi ntchito yake. Mwana amene anaphunzira kuti "kuphunzitsidwa" muli phunz-, -its- ndi -idw- amadziwa kuti mawu amamangidwa ndi zidutswa. Akaona unforgettable sachita mantha, amapatula un-, forget ndi -able.

Mtsikana wina wa kalasi ya 9 anabwera ndi ndime yonena za kudula mitengo, chiganizo chimodzi chodzaza mizere inayi. Tinachidula m'mfundo. Choyamba tinafuna mneni, n'kufunsa kuti ndani wachita chiyani. Kenako anaphimba ndi chala mawu onse a pakati pa makoma, kuti msana wa chiganizo uoneke. Atatero ndinamuuza anene m'Chichewa zimene wamva. Iye anati, "Akuti ngakhale makala amabweretsa ndalama, mitengo ikatha madzi adzakokolola nthaka." Although uja anali atamugwira. Pomaliza anasankha mawu atatu okha n'kuwalemba kumapeto kwa kope m'zilankhulo zitatu, lililonse ndi chiganizo chakechake chonena za kumudzi kwawo. Mawu atatu ogwiritsidwa ntchito amakhala m'mutu, pamene 20 ongokopera pabolodi sagonera.

Nkhaniyi si ya mayeso okha. Dziko lathu linalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo maiko onse 6 otizungulira amagwiritsa ntchito Chingelezi m'sukulu kapena m'maofesi. Mwana wa ku Ulóngwe akangodutsa pa Calómuè kulowa ku Dedza, zikwangwani ndi mafomu zimamudikira m'Chingelezi.

Makolo, simufunika kudziwa Chingelezi kuti muthandize. Mwana akamaliza kuwerenga, muuzeni akufotokozereni m'Chichewa pamene mukusenda mbatata kapena kutong'ola chimanga. Akakanika, ndiye kuti wangotchula mawu, sanamve, abwerezenso. Ndipo inu aphunzitsi akusekondale, mwana akayankha bwino m'chilankhulo cha kwawo musamudule pakamwa. Wamva kale, chatsala n'kumuthandiza kuti anene zomwezo m'Chingelezi.

Nanga kwanuko, ndi timawu titi timene timasokoneza ana kwambiri? Tiuzane.