Galimoto yoyera ya pa tchalitchi

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Mangochi, koma ndakhala ku Joni zaka khumi ndi ziwiri. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndimagona ku Turffontein. Ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anandichitira usiku wina mu June 2023, ndiponso kuulula kulakwa kwanga.

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 15, amayimba kwaya. Lachitatu lililonse amaphunzira nyimbo ku tchalitchi m'tauni. Tsiku limenelo abwana anga anali ndi alendo, ndiye sindinaweruke msanga. Mu June kuno kumada msanga, ndipo chaka chimenecho magetsi amazima maola ambiri tsiku lililonse. Ndinati m'malo moti mwana ayende mumdima kukafuna minibasi, ndimuitanire galimoto ya pa foni. Ndinaitana ndi akaunti yanga, ndikudziwa bwino lomwe kuti malamulo ake salola mwana wosakwana zaka 18 kukwera yekha. Ndinamulembera pa WhatsApp kuti, "Kukubwera galimoto yoyera." Nambala ya galimotoyo sindinamutumizire. Ndinali ndi mbale m'manja.

Patapita mphindi zochepa anayankha kuti, "Ndakwera, amayi. Foni ikutha moto." Mtima unakhala pansi. Nditapukuta manja ndinayang'ana pa mapu. Kagalimoto kaja kanali chiimire pa chipata cha tchalitchi. Kenako dalaivala anandiimbira, akufunsa kuti munthu wake ali kuti, iye wadikira nthawi yaitali.

Miyendo inazizira. Ndinaimba foni ya mwana, yozima. Ndinaimbanso, yozima. Ndinaimbira mayi busa, anati anamuona akukwera galimoto yoyera, basi. Magalimoto oyera ku Johannesburg angawerenge ndani? Ndinaimbira apolisi pa 10111, anandifunsa nambala ya galimoto, ine kakasi. Ndinagwada pa simenti ya kukhitchini, epuloni ili m'chiuno, mawu a pemphero osatuluka. Ndinangoti, "Ambuye, mwana uyu ndinamubweretsa kuno ndine."

Patatha pafupifupi ola, nambala yachilendo inalowa. "Amayi, ndine. Ndili pa garaji." Anandifotokozera pambuyo pake. Bambo wina anaimitsa galimoto yoyera, anatsitsa galasi n'kufunsa ngati ndi iye amene waitana galimoto. Mwanayo anavomera, anatchula yekha komwe akupita, n'kukwera. Ali m'njira anaona kuti foni ya bamboyo ilibe mapu, ndipo msewu umene alowa si wopita kumwera, kwathu. Sanakuwe. Anati m'mimba mwamupotokola, aime pa garaji yoyamba kapena aipitsa mpando. Ataima, anathamangira m'sitolo ya pamenepo n'kuima pafupi ndi mayi wa pa kauntala. Bamboyo anadikira pang'ono, kenako anachoka. Mayiyo ndiye anamubwereka foni. Mwana wanga nambala yanga anaisunga pamtima kuyambira ali wamng'ono, chifukwa agogo ake ankamuyimbitsa ngati nyimbo.

Chimene bamboyo ankafuna sitichidziwa mpaka lero. Mwina ankangosaka ndalama mozembera, mwina zinali zina. Sindifuna kuchidziwa.

Miyezi itatu yotsatira ndinamutsekera m'nyumba. Kwaya analeka, kwa anzake sankapita. Anayamba kusalankhula, kudya pang'ono. Tsiku lina anandiuza ali chogwada, "Amayi, amene anandipulumutsa ndi Mulungu, koma ine ndinaganizanso. Bwanji mukundilanga?" Mawu amenewo anandilasa. Wolakwa ndinali ine, wotsekeredwa anali iye. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mumzinda uno tsiku lina adzayenda ine kulibe.

Tinakhala pansi. Patapita nthawi tinapeza kuti Uber ili ndi akaunti ya achinyamata a zaka 13 mpaka 17, yolumikizidwa ku foni ya kholo. Ulendo ukayamba ndimauona pa mapu, ndipo galimoto sinyamuka mwana asanapereke PIN kwa dalaivala. Tinaikanso malamulo athu. Awerenge nambala ya galimoto asanagwire chitseko. Asatchule dzina lake kapena komwe akupita, adikire dalaivala atchule. Akhale kumbuyo. Foni ikhale yodzaza, kabatire kosungira moto kali m'chikwama. Kukada, sakwera yekha, ngakhale ndichite kuchoka pa ntchito alendo ali pa tebulo.

Makolo anzanga mumandifunsa ngati mwana angakwere yekha magalimoto amenewa. Yankho langa ndi lakuti angathe, masana, pa akaunti yoyenera, ngati mwamuphunzitsa ndipo inu muli maso. Musachite ngati ine, kutumiza mwana ndi mtundu wa galimoto wokha.

Lero mwanayo wabwerera ku kwaya. Lachitatu lapitali ndinamuperekeza, ndipo galimoto itafika ndinathamangira chitseko chifukwa cha mphepo. Anandigwira dzanja. "Dikirani, amayi. Sitinawerenge nambala."