Fumbi la ku Kabwe likudwalitsa ana mwakachetechete

Basi yochokera ku Lilongwe inatifikitsa pa Mchinji dzuwa lisanakwere, ndipo titadinditsa mapasipoti pa Mwami tinalowa mumsewu wautali uja wodutsa ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba. Za msewu umenewu sinditaya nazo nthawi poti ambiri mumaudziwa: makona a m'mapiri, mlatho wa Luangwa pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, kenako Lusaka usiku, miyendo itatupa. M'mawa mwake ndinakwera basi ina pa siteshoni ya Intercity yolowera kumpoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, kupita ku Kabwe, tauni imene agogo athu ankaidziwa ndi dzina loti Broken Hill.

Dzina limeneli si lachilendo m'mabanja ambiri kuno kwathu. Msonkho wa atsamunda utayamba kuthamangitsa amuna m'midzi, si onse amene analowera ku Joni kapena ku Salisbury. Ena anakaima ku Broken Hill, ku mgodi ndi ku njanji, ndipo ena mwa iwo anakhala matchona. Lero mumsika wa ku Kabwe Chibemba ndicho chimamveka kwambiri, koma ukayankhula Chinyanja susowa wokuyankha.

Mlendo akatsika basi amamwazamwaza maso kufuna phiri limene linapatsa tauniyi dzina lake lakale, koma salipeza. Dziko lake ndi lathyathyathya, misewu ndi yotakata, likulu la Zambia Railways lili komweko, ndipo pakati pa tauni pali mkuyu waukulu umene boma limauteteza ngati chuma cha fuko. Timapiri tinalipo, tamiyala. Mu 1902 katswiri wa migodi, T.G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki m'timapiri timeneti, napatsa malowo dzina la mgodi wotchuka wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Kuyambira pamenepo timapirito anatiphwanya, kutikumba mpaka kulowa pansi, ndipo pamene panali zitunda lero pali maenje odzaza madzi.

Ali m'kati mokumba, mu 1921, anaboola phanga n'kupezamo chigaza cha munthu wamakedzana, chimene akatswiri akuti chatha zaka pafupifupi 300,000. Mabuku anasunga dzina la mzungu wa ku Switzerland amene anali pamalopo, Tom Zwigelaar, koma la munthu wakuda amene ankakumba naye silinalembedwe. Chigazacho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Phangalo analikumba mpaka kulitheratu.

Phiri limene lilipo lero ndi lounjika anthu. Chakum'mwera kwa tauni kuli mulu wa zotsalira za m'ng'anjo ndi dothi la mumgodi, matani oposa 5 miliyoni, umene eni dera amautcha Black Mountain. Ananditengera kumeneko ndi mnyamata wa takisi wa kwawo ku Chipata. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ili pachimake, ndipo tisanafike n'komwe mano anali atayamba kale kulumana ndi mchenga. Pamulupo sipamera udzu wooneka. Fumbi lake ndi lotuwa moderako, losalala ngati ufa woyera, ndipo limakakamira m'mphuno, m'tsitsi ndi m'mapindiro a buluku. Amuna anali m'maenje ndi mapiki ndi mafosholo, amayi akusankha miyala n'kumalonga m'matumba, ambiri opanda chotchinga kukamwa, opanda magolovesi. Malole ankalowa ndi kutuluka, fumbi lili koboo m'mbuyo mwawo.

Bambo wina wachikulire, manja ali mbuu, anandiika kamwala m'dzanja. "Tagwirani, achimwene, mumve kulemera kwake," anatero. Kanali kakang'ono kokwana m'chikhatho, koma kanakoka dzanja langa pansi. Anati kulemerako ndiko amayang'ana, chifukwa ndiko kumasonyeza kuti muli mtovu, ndipo ogula amalipira potengera sikelo. Ndinawafunsa ngati sadziwa kuti fumbili n'loopsa. Anandiyang'ana modabwa, nati palibe munthu wa ku Kabwe amene sadziwa, koma ana kunyumba afunika kudya. Ine sindingawaweruze bambo amenewa. Mgodi utatsekedwa mu 1994, ntchito zinapita, ndipo nyumba za kampani, chipatala ndi malipiro a pamwezi zimene akuluakulu amakumbukirabe zinasanduka nkhani yakale. Chimene chinatsala choti munthu n'kugulitsa ndi zinyalala zomwezo.

Kumene mtima unandiwawa kwambiri ndi ku Kasanda, komboni yoyandikana ndi mgodi. Kwa zaka makumimakumi mphepo, imene kawirikawiri imaomba kuchokera kum'mawa, inkatenga utsi wa m'ng'anjo n'kukauthira ku Kasanda ndi ku Makululu. Kumbali ina, ngalande yochokera ku mgodi imadutsa pafupi ndi Chowa, ndipo ikasefukira m'dzinja imasiya matope ake m'mabwalo a anthu. Ndinakhala pakhonde la mayi wina amene ndinamupeza akuwaza madzi pabwalo asanayambe kusesa. Madziwo anali ogula pa mpope, ndipo ankawaza mosamala, ndi dzanja, kuchokera m'kabeseni. Anaphunzira zimenezi ku chipatala, kumene anamuyeza mwana wake magazi n'kumuuza kuti mtovu wachuluka. Anamulangizanso kuti azimusambitsa m'manja asanadye, azikolopa m'nyumba ndi nsanza yonyowa, ndiponso asamamulole kusewera padothi. Tikucheza choncho, kamwanako kanali katatsika kale pamkeka, kakukwawa, zala zili m'kamwa. Mayiyo anakanyamula, nakapukuta ndi chitenje. "Nanga mwana wokwawa mungamuletse bwanji dothi, achimwene?" anandifunsa. Ndinalibe yankho, ndipo mpaka pano ndilibe.

Mtovu ulibe fungo, ndipo mwana amene uli m'magazi mwake amatha kuoneka wabwinobwino kwa nthawi yaitali. Thupi la mwana limauyamwa kwambiri kuposa la wamkulu, makamaka ngati mwanayo sakudya mokwanira ndipo ali woperewera magazi. Umakakhala mu ubongo umene ukukula, ndipo zimene wawononga sizibwerera: mwana amachedwa kuyankhula, amaiwalaiwala, m'kalasi sagwira, aphunzitsi n'kumati ndi waulesi. Ukachuluka kwambiri amakomoka, ngakhale kufa kumene. Wina umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo mtsikana amene anakulira m'fumbili akadzakhala ndi pakati, mtovuwo umatuluka m'mafupa n'kupita kwa mwana wosabadwayo. Onjezani apo chilakolako cha dothi chimene amayi oyembekezera amakhala nacho, chimene tonse timachidziwa, ndiye muganize kuti dothi la ku Kasanda lili ndi chiyani.

Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wabwino, ndipo ukafika ma microgram 5 pa decilitre imodzi pamafunika kuchitapo kanthu. Ukafika 45 mwana amafunika mankhwala ochotsa mtovu m'thupi. Akatswiri a ku University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido ku Japan atayeza ana a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, anafalitsa mu 2015 zoti mwana aliyense amene anamuyeza anapitirira 5, ambiri anapitirira 45, ndipo ena anapitirira 100. Nkhaniyi sinayambe dzulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dokotala wa pamgodi pomwepo, A.R.L. Clark, anali atayeza kale ana a ku Kasanda n'kulemba kuti magazi awo ali ndi mtovu woopsa.

Tsono wolipira ndani? Kampani ya Anglo American inali ndi gawo mumgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Kenako mgodi unalowa m'manja mwa boma, ndipo pamene unkatsekedwa unali pansi pa kampani ya boma ya ZCCM. Mu Okutobala 2020 maloya anakasumira Anglo American ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000 a ku Kabwe. Anglo American ikukana mlanduwo: ikuti inali ndi masheya ochepa, inkangopereka upangiri, ndipo udindo uli kwa amene anayendetsa mgodi pambuyo pake. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo. Ana amene anali kuyamwa pamene mlanduwu unkayamba, pano ali kusukulu.

Sikuti palibe chimene chachitika. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo owonongeka ndi migodi ku Kabwe, Kitwe, Chingola ndi Mufulira. Ana ambiri anayezedwa, ena analandira mankhwala, ndipo m'makomboni ndinaona mabwalo ena owakidwa ndi timiyala ta simenti, ena othiridwa dothi latsopano n'kudzalidwa kapinga. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo amene anaigwira ndi ofunika kuwathokoza. Koma mwana akamwa mankhwala amabwerera kunyumba komwe kuja, ndipo mphepo ya Ogasiti imatenganso fumbi pamulu paja n'kulithira pa kapinga watsopanoyo. Malinga ngati mulu uja uli poyera, wosakwiriridwa, malole akuutokosa tsiku ndi tsiku, ndalama zokonzera mabwalo zizingopita ndipo magazi a ana sadzayera.

Pobwerera, basi ikutsetsereka ku Luangwa, maganizo anga anali pa mapiri a kwathu: Kayelekera ku Karonga kumene kuli uranium, Kangankunde ku Balaka, ndi Songwe ku Phalombe. Miyala ya kumeneko si mtovu, ndipo sindikunena kuti za ku Kabwe zidzachitikanso chimodzimodzi. Migodi tikuifuna, achinyamata athu akusowa ntchito. Koma inu mafumu, makhansala, aphungu ndi nonse okhala m'tsinde mwa mapiri amenewa, pamisonkhano ndi a kampani musamangofunsa za ntchito ndi chipukuta misozi cha minda. Funsani kuti zinyalala za mgodi adzaziunjika pati, mphepo ndi madzi a mvula zidzazitengera kumudzi uti, ndiponso ndalama zodzakwiririra malowo mgodi ukadzatha zasungidwa kuti ndipo akuzisunga ndani. Limbikirani kuti dothi, zitsime ndi thanzi la ana ziyezedwe panopa, zotsatira zake zilembedwe, ndipo pepala lina lisungidwe kwa amfumu.