Galimoto Imene Inatisiya pa Manenekela

Pamene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi m'chaka cha 2018, ine ndi mai a kunyumba tinasamuka ku Chelstone kudza ku Silverest, kumene tinali titamanga kanyumba kathu pang'onopang'ono. Malo ano ali m'mbali mwa msewu wa Great East, mukangopitirira mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndipo ngakhale ali m'boma la Chongwe, ambiri a ife maso athu ali ku Lusaka: chipatala, banki, msika ndi ana, zonse zili komweko. Wokhala kuno wopanda galimoto amaudziwa bwino mtunda wochokera pakhomo pake kukafika patala, makamaka dzinja likalowa.

Ndinali nako kagalimoto kanga kakale ka giya ya pamanja, kamene kananditumikira mokhulupirika zaka zambiri. Koma bondo langa la kumanzere linayamba kundivuta, ndipo amene anakhalapo pamzere wa magalimoto m'mawa kuyambira ku Chelstone mpaka pa Munali akudziwa kuti phazi limaponda klachi kosawerengeka. Motero tinapangana kuti titapeko pa ndalama za penshoni tigule galimoto ya otomatiki, ija yosintha yokha magiya.

Ndinaipeza kwa mnyamata wina wogulitsa magalimoto, waulemu wake ndi wokoma pakamwa. Pofika ine, injini inali ikulira kale, galimoto ikunyezimira ngati yochokera m'sitolo. "Adadi," anatero, "iyi inalowa chaka chatha pa Nakonde. Mwini wake ndi mai wa muofesi, ankangopita nayo kuntchito ndi kubwera." Tinazungulira nayo kamphindi, wailesi ikuimba, ine ndikusangalala kuona phazi langa la kumanzere lili phee. Boneti sindinatsegule. Kunena zoona ndinachita manyazi, pakuti ndikanatsegula sindikanadziwa poyang'ana, ndipo munthu amene waphunzitsa ana a eni zaka makumi atatu safuna kuoneka mbuli pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake. Ndinalipira tsiku lomwelo.

Patapita miyezi itatu tinalandira uthenga wa maliro a alamu anga ku Katete. Tinanyamuka mbandakucha anthu asanu, ndi matumba awiri a ufa kumbuyo. Chongwe tinadutsa bwino, Rufunsa chimodzimodzi. Koma titayamba kukwera mapiri a Manenekela, tisanafike pa mlatho wa Luangwa, ndinamva injini ikukuwa kwambiri pamene galimoto inali kungokwawa. Ndikaponda, phokoso likukula koma liwiro osaoneka. Kenaka m'kati munalowa fungo ngati la mphika wopserera, ndipo posakhalitsa tinaima m'mbali mwa msewu, injini ikulirabe bwinobwino, matayala osasuntha. Woyendetsa lole wina wachifundo anati atikoke ndi chingwe, koma nditaimbira foni muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga amene ndi makanika ku Lusaka, anakana kwamtuwagalu. "Amalume, musayese. Galimoto yotere siikokedwa mtunda wautali matayala ali pansi. Pampu ya mafuta a giya imazungulira pokhapokha injini ikulira, ndipo giya yodwala kale mukaikoka mudzaimaliziratu. Ikwezeni pa lole." Mai a kunyumba ndi anzathu aja anapitirira pa basi, nakafika mchimwene wawo ataikidwa kale. Za ndalama sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi, koma ndikudziwa kuti za tsiku lija sanaiwale.

Galimoto itafika kugalaja, muphwa wanga anasolola kachitsulo koyezera mafuta a giya, kamene anzathu amati dipisitiki, nakapukutira papepala loyera. Mafuta anali akuda bii. Anandiuza kuti ndinunkhize, ndipo ndinamva fungo lomwe lija la pa Manenekela. Atamasula chiwaya cha pansi pa giyabokosi tinapezamo matope akuda osanganikirana ndi tizidutswa ta chitsulo. Iye anati nthenda imeneyo siinayambe dzulo, ndinagula nayo. Apa m'pamene ndinamvetsa mwambi wa makolo uja wa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku limenelo mphunzitsi anakhala pansi naphunzitsidwa. M'galimoto ya giya ya pamanja, mafuta a m'giyabokosi ntchito yake ndi kufewetsa zitsulo basi. M'galimoto ya otomatiki mafutawo ndiwo amanyamula mphamvu kuchokera ku injini kupita ku magiya, ndiwo amakankha timaklachi tating'ono ta m'kati kuti giya ilowe, ndiwonso amaziziritsa zonsezo. Akakalamba kapena akapsa, timaklachi timayamba kuterereka, kuterereka kumabala kutentha, kutentha kumapsereza mafuta koposa, mpaka zonse zitatheratu. Choopsa n'chakuti nthendayi imabisala paulendo waufupi. Giya yotha ikhoza kukuyendetsani bwino mphindi zisanu pamsewu wosalala, nkudzaonetsa khalidwe lake itatentha, itasenza katundu, ili pachitunda. Giyabokosi ina yakale imene tinaikamo inandidyera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa galimoto yonse, ndipo chidwi changa pa iyo chinatha. Ndinaigulitsa motchipa, wogulayo nditamuuza mbiri yake yonse.

Pano ndinenepo mawu awiri poteteza magalimoto a ku Japan, pakuti ena amati onse ndi zinyalala. Ku Japan galimoto yatsopano imayesedwa mwalamulo ikakwanitsa zaka 3, pambuyo pake zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama zambiri, kotero ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikadali yolimba. N'chifukwa chake zimasefukira kuno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi Nakonde, kapena Durban ndi Chirundu. Zambiri zimafika zili bwino. Zimene zimachitika zikafika m'manja mwathu ndizo zimazipha: kutentha kwa mwezi wa October, katundu wopyola muyeso, ndipo koposa zonse mafuta olakwika. Otomatiki si mtundu umodzi. Ilipo yakale ija imene mumaimva ikusintha magiya limodzilimodzi, ndipo ilipo ina yotchedwa CVT, imene m'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pa mawilo awiri, yopezeka m'magalimoto ambiri monga Honda Fit, Toyota Vitz ya kuyambira 2005 ndi Toyota Allion ya kuyambira 2007. Ya CVT simuimva ikusintha giya, ndipo zimenezo si matenda. Koma ili ndi mafuta akeake, ndipo makanika wa pansi pa mtengo akathiramo mafuta wamba a otomatiki, amene timati ATF, masiku ake amakhala owerengeka.

M'chaka cha 2021 bondo linandikakamiza kubwereranso pamsika, koma ulendo uno ndinatsogoza muphwa wanga. Choyamba iye ankauza wogulitsa kuti galimoto asailize mpaka ife titafika, ndipo tinkafika m'mamawa. Asanapereke n'komwe moni wokwanira ankaika dzanja pa boneti kuti amve ngati pali pofunda, kenaka nkugwada kuyang'ana pansi pamene yagona usiku, ngati pali madontho ofiira. Akalowa m'kati ankatembenuza kiyi pang'ono osaliza injini, kuti timagetsi tonse ta kutsogolo kwa chiwongolero tiyake. Kagetsi ka chithunzi cha injini kayenera kuyaka pamenepo, nkuzima injini ikalira. Galimoto ina yokongola ndithu tinaisiya pa chifukwa chimenechi: kagetsi kameneko sikanayake konse, ndipo iye anandinong'oneza kuti alipo anthu amene amachotsa babu lake kuti lisaulule mlandu.

Injini ikalira, ankaponda buleki nkusuntha ndodo ya giya kuchoka pa P kupita pa R, akuwerenga chamumtima. Giya yabwino imalowa m'kamphindi, sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo galimoto imangogwedezeka pang'ono. Ikachedwa, kapena ikalowa ndi chigugu ngati munthu wamenya chitseko, pali nkhani. Ankachita chimodzimodzi pa D, mobwerezabwereza. Ankayesanso kuiliza ndodo ili pa D, pakuti galimoto yolongosoka imakana kulira pokhapokha ili pa P kapena pa N.

Koma chiyeso chenicheni chinali ulendo. Muphwa wanga sankavomera zozungulira nyumba ziwiri. Ankati tichoke ku Silverest mpaka ku Chongwe ndi kubwerera, mafuta a ulendowo tikulipira ife, wailesi itazimitsidwa, mawindo nthawi zina otsegula kuti khutu ligwire ntchito. Wogulitsa wina atamva zimenezi anayamba kunena za misonkhano imene anali nayo, ndipo muphwa wanga anangoti, "Amalume, tiyeni kunyumba." Pamsewu ankayang'anitsitsa muvi woonetsa kuzungulira kwa injini: ukakwera msanga pamene liwiro silikukwera nawo, kapena ukadumpha pakati pa giya ndi giya, ndiko kuterereka kuja kwa pa Manenekela kukadali kakhanda. Pamalo owongoka ankaponda mafuta mwadzidzidzi kuti aone ngati giya itsika yokha nkukoka ndi mphamvu. Ponyamuka pang'onopang'ono ankamvetsera ngati galimoto ikunjenjemera, chimene chimavutitsa kwambiri za CVT zikatopa. Pokwera kamtunda ankaima dala, nkunyamukanso. Titabwerako zonse zitatentha ankabwereza za R ndi D zija, pakuti giya zambiri zodwala zimayamba kukana kubwerera m'mbuyo zikatentha.

Pamenepo m'pamene ankasolola dipisitiki ya giya, galimoto ili pamalo athyathyathya. M'magalimoto ambiri mafutawa amayezedwa injini ikulira, mwa ena itangozimitsidwa kumene, choncho m'pofunika kufunsa wodziwa mtunduwo. Mafuta a ATF abwino amakhala ofiira, oonekera, opanda fungo lopserera. Akakhala otuwa ngati mwathiramo mkaka, ndiye kuti madzi a mu redieta alowamo, pakuti m'magalimoto ambiri mafutawa amakaziziritsidwa m'kapaipi kodutsa mu redieta momwemo, ndipo galimoto yotere ndi yofunika kuithawa. Muphwa wanga ankakayikiranso mafuta atsopano kwambiri m'galimoto yooneka yotopa, namafunsa kuti anasinthidwa liti, ndi ndani, ndi a mtundu wanji. Magalimoto ambiri a masiku ano alibe dipisitiki ya giya n'komwe. Kwa amenewa ulendo wautali uja ndi kamakina kamene amakanika amalumikiza pansi pa chiwongolero kuti kawerenge zolakwa zosungidwa mu kompyuta ya galimoto ndizo mboni zokha zimene muli nazo.

Za makilomita olembedwa pa wotchi ya galimoto ndinaphunzira kusazikhulupirira msanga, popeza manambala amabwezedwa m'mbuyo. Mphira wa pa buleki wosalala ngati mwala wa mumtsinje, chiwongolero chonyezimira ndi thukuta la zaka, mpando wa dalaivala wolowa m'kati, zimenezi sizigwirizana ndi makilomita ochepa. Mapepala nawo tinawaona modekha. Nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo cha galimoto iyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi ya mu white book, ndipo dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chitupa cha NRC cha munthu amene akulandira ndalama zanu. Tinaonetsetsa kuti msonkho wa ZRA unalipidwa polowa m'dziko, tinapita kupolisi kuti atsimikize kuti si yakuba, ndipo ku RTSA tinapita pamodzi ndi mwini wake kukasintha umwini. Zinatitengera masiku angapo, ndipo ndalama yotsiriza ndinapereka zonsezi zitatha.

Galimoto imene tinagula inali yachinayi kuiona, ndipo inali yosakongola pa zonse. Chitseko cha kumbuyo chinali ndi chipsera, utoto wa padenga utayamba kufwifwa. Mai a kunyumba ataiona anafunsa kuti, "Bambo, imeneyi ndiyo mwasankha pa masabata atatu onsewa?" Ndinawayankha kuti ndainunkhiza ndekha.

Chaka chotsatira tinapitanso ku Katete kukaika chiliza pamanda pa alamu anga. Muphwa wanga anali atandilangiza kuti potsika mapiri ndisadalire mabuleki okha koma ndikokere ndodo pa giya yotsika, ndipo pokwera ndisaithamangitse. Titayandikira Manenekela nkhani zonse m'galimoto zinatha zokha. Ndinaona malo aja tinaima, pafupi ndi mtengo womwe uja, ndipo mai a kunyumba anawaonanso, pakuti anatembenuza mutu kuwayang'ana mpaka atabisika. Muvi wa injini unakhala pamalo ake. Titatsikira ku mlatho wa Luangwa iwo anapempha kuti tiime tigule nsomba zouma zopita nazo kumudzi.