KAFUE: TAUNI YA MAFAKITALE IMENE SIIWALA MALONJEZO

Munthu wocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke akatsika basi mu Lusaka, kawirikawiri amayesa kuti waona zonse za m'tauni. Koma iye amene akwera minibasi ina ndi kulowera kum'mwera, pa mseu wopita ku Livingstone ndi ku Chirundu, amapeza tauni ina pamtunda wa makilomita 45, imene mbiri yake ikhudza mlimi aliyense wa dziko lino. Amapitirira Makeni, amaona fakitale ya simenti pa Chilanga, amadutsa pa cipata colipirira mseu ca Shimabala, ndipo mseu ukayamba kutsika pakati pa timapiri, patsogolo pamaoneka matanki ndi mipope italiitali ya mafakitale. Kuseri kwake kuli mtsinje waukulu woyenda mwakacetecete. Kumeneko ndiko ku Kafue.

Akuluakulu ambiri a kumidzi adziwa dzina limeneli ngakhale kuti sanapondeko. Analiwerenga pa matumba a feteleza, ndipo amayi anavala zitenje zoombedwa kumeneko ndi thonje locokera m'minda yao yomwe. Koma ndi ocepa amene adziwa m'mene tauniyi inamangidwira, cimene cinaigwetsa, ndi cifukwa cake anthu ake amasintha phungu wao kawirikawiri pa masankho.

Njanji ndi maulalo awiri

Boma la Kafue lili m'dziko la Asoli a Mfumukazi Nkomeshya ndi la Agoba a Mfumukazi Chiawa, ndipo kutsidya kwa mtsinje kuyamba dziko la Atonga. Tauni yeniyeni inabadwa ndi njanji. M'caka ca 1906 azungu amene anali kufulumira kufikitsa sitima ku mgodi wa Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, anamanga ulalo wa zitsulo wa mamita 427, wa zigawo 13, pamwamba pa mtsinje wa Kafue. Ulalo umenewu ukalipo. Pafupi nawo panakhala siteshoni, ndipo amishoni a Methodist anatsegula sukulu ya Kafue Training Institute, kumene anaphunzira a Harry Mwaanga Nkumbula, mmodzi wa atsogoleri a nkhondo yomenyera ufulu. Sukuluyo lero ndi Kafue Boys Secondary School.

Ulalo woyamba wa magalimoto unali ndi mbiri yodabwitsa. Unamangidwa poyamba pa mtsinje wa Thames mu London panthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha anauphwasula, nautumiza kuno ndi ndalama za bungwe la Beit Trust, ndipo unaimikidwa pa Kafue mu 1949. Umene magalimoto apitapo masiku ano ndi wina, wa m'caka ca 1993. Kufikira pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, Kafue anali kamudzi ka pa njanji cabe.

Masiku a INDECO

Zinthu zinasintha pa 11 Novembala 1965, pamene a Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatsa yokha ufulu. Zambia inali kudalira dziko limenelo pa malasha, pa magetsi a ku Kariba, ndi pa katundu wambiri wa m'masitolo. Boma la a Kenneth Kaunda linaona kuti dziko silingakhale mwaufulu ngati cakudya ca migodi ndi ca minda cicokera kwa mdani. Motero linaganiza zomanga mafakitale akeake, ndipo pambuyo pa msonkhano wa ku Mulungushi wa mu Epulo 1968, bungwe la Boma la INDECO linakhala mwini wa makampani ambiri.

Kafue anasankhidwa pa zifukwa zooneka. Panali madzi osaphwa, njanji, mseu waukulu, ndipo likulu la dziko linali pafupi. Mu 1970 fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, yomangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Kobe Steel, inayamba nchito. Inali kutenga malasha a ku Maamba ndi kupanga mankhwala amene mbali ina inali feteleza wa alimi ndipo mbali ina inali yopangira zophulitsira miyala ku migodi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 inakulitsidwa ndi cithandizo ca akatswiri a ku Germany. Pafupi nayo panaimikidwa Kafue Textiles of Zambia, imene inali kupota thonje ndi kuomba nsalu. Panalinso fakitale ya Bata yofufuta zikopa, ndi ina yopanga yisiti. Kumunsi kwa mtsinje, pamene madzi amagwera m'cigwa cozama ca Kafue Gorge, akatswiri a ku Yugoslavia anamanga malo opangira magetsi, amene pambuyo pake anafika potulutsa mamegawati 900.

Anchito a m'mafakitale anafunika nyumba. Boma linaitana kampani ya ku Greece ya Doxiadis kuti ijambule mapulani a tauni yatsopano, ndipo kunamangidwa Kafue Estates: nyumba zandandanda, miseu yowongoka, madzi a m'mipope, magetsi ndi masukulu. Anthu anabwera kucokera kuzigawo zonse, ambiri a iwo a kum'mawa, kotero kuti Cinyanja cinakhala cilankhulo ca pamsika. Mwana wa mlimi wa ku Lundazi amene anapeza nchito pa Nitrogen anali kutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ndipo abale anali kumutsatira.

Koma walira mvula walira matope. Nyumba za Estates zinali za anthu olembedwa nchito okha. Amene anabwera kudzafuna nchito osaipeza, ndi asodzi, ndi ogulitsa pamsika, anadzimangira okha m'makomboni monga Zambia Compound ndi Soloboni, pa malo otsika amene mapulani sanawaganizire. Kuyambira pamenepo Kafue anakhala matauni awiri: ina yojambulidwa papepala, ina yomera yokha popanda ngalande ndi miseu. Nkhani zambiri za ndale za kumeneko zicokera pa kusiyana kumeneku.

Cipani cimodzi, ndi kugwa kwa mafakitale

Kuyambira mu Disembala 1972 dziko linakhala la cipani cimodzi ca UNIP. Pa masankho a aphungu anthu anali kusankha pakati pa anthu a cipani comweco okhaokha, ndipo pa mpando wa mtsogoleri wa dziko anali kuponya voti ya inde kapena iyai. Lamulo la 1980 linaphatikiza khonsolo ndi cipani, ndipo wapampando wa khonsolo anakhala bwanamkubwa wa boma wosankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. M'tauni monga Kafue, m'mene Boma ndilo linali mwini wa nchito, mwini wa nyumba ndi mwini wa madzi, munthu anali kuganiza kawiri asanadandaule poyera.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa. Makina akaonongeka, zitsulo zosinthira sizinali kupezeka msanga, ndipo mafakitale anayamba kuyenda motsimphina. Pa masankho a pa 31 Okutobala 1991 anthu anasankha a Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD. Boma latsopano linakhazikitsa bungwe logulitsa makampani a Boma mu 1992, ndi kutsegula malire a malonda. Salaula ndi nsalu zochipa zakunja zinadzaza misika, ndipo Kafue Textiles inalephera kupikisana nazo. Inacotsa anchito ambiri, kenaka makina anakhala cete, ndipo amene anacotsedwa anadikira ndalama zao zopumira kwa zaka zambiri. Ena anamwalira akali kudikira. Nitrogen Chemicals inatsala m'manja mwa Boma, koma makina opanga mankhwala kucokera ku malasha anaima, ndipo fakitale inayamba kukhalira maoda a Boma a feteleza wa D Compound wopita kwa alimi ang'onoang'ono.

Mu 1996 Boma linalamula kuti nyumba za makhonsolo, ndipo pambuyo pake za makampani a Boma, zigulitsidwe kwa anthu okhalamo pa mitengo yotsika. Mabanja ambiri anapeza pogona paopao, ndipo ici cinawapulumutsa pamene nchito zinatha. Koma makhonsolo anataya ndalama za lendi zimene anali kukonzera miseu ndi kucotsera zinyalala. Mlendo woyenda m'miseu ya Estates amaona zonse ziwiri: nyumba zowonjezedwa zipinda ndi mipanda ndi eni ake, ndi tala wakale amene malo ena anasanduka fumbi.

Voti ya Kafue

Anthu amene analawa malipiro a pamwezi ndi kuwataya samva msanga mau okoma. Ici cioneka pa mndandanda wa aphungu ao. M'zaka za m'ma 1990 mpando wa Kafue unali wa MMD. Mu 2001 anthu anaupereka kwa a Robert Sichinga a UPND. Mu 2006 anaubwezera ku MMD posankha a Bradford Machila. Mu 2011 anasankha a Obvious Mwaliteta a PF, ndipo mu 2016 ndi mu 2021 anasankha mayi Miriam Chonya a UPND. Pa masankho anai otsatizana, kuyambira 2001 kufikira 2016, cipani cimene cinali ndi mpandowo cinautaya.

Nthawi ya misonkhano yokopa anthu ikafika, malole a zoimbira amazungulira Shikoswe, Nangongwe ndi Zambia Compound, zitenje ndi malaya a zipani zimagawidwa, ndipo pafupifupi wolankhula aliyense amachula zinthu zomwezo: kudzutsa mafakitale, madzi a m'mipope, miseu, ndi nchito za acinyamata. Akale anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wapacala ngwa mphepo. Anthu a Kafue amalandira citenje, amavina, koma tsiku loponya voti amayang'ana cimene caoneka pa zaka zisanu zapitazo.

Cimene cimawawa kwambiri ndi kuona cuma ca mtsinje wao cikudutsa pakhomo. Pa Iolanda, m'mbali mwa mtsinje, pali makina oyeretsa madzi amene amawapopa m'mapaipi akuluakulu kupita ku Lusaka, ndipo gawo lalikulu la madzi a m'likulu licokera pamenepo. Koma m'makomboni ena a Kafue amayi akali kutunga pa zitsime ndi pa mipope ya anthu onse, ndipo mvula ikakula madzi amalowa m'nyumba za pa malo otsika. Magetsi nawonso ndi cimodzimodzi. Malo aciwiri opangira magetsi, Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, anayamba kutulutsa magetsi mu 2021 ndi kutsirizidwa mu 2023. Koma cilala ca 2024 citacepetsa madzi m'madamu, owocherera zitsulo ndi ometa tsitsi a m'Kafue anakhala maola ambiri opanda magetsi monga anzao a kwina kulikonse.

Ndalama zafika pafupi

Si zonse zimene zinabwerera m'mbuyo. Fakitale yosungunula zitsulo ya kampani ya Trade Kings inabweretsa nchito zatsopano. Lusaka ali kukula kulowera kum'mwera, ndipo anthu ambiri amagona ku Kafue ndi kugwira nchito m'likulu. Ngakhale kuti Chilanga anapatulidwa kukhala boma palokha mu 2012, kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 200,000 m'boma la Kafue. Kuculuka kumeneku kwakweza mtengo wa mapuloti, ndipo khonsolo ili ndi nchito yaikulu yoonetsetsa kuti malo a sukulu, a msika ndi a ngalande sagawidwa kwa omanga nyumba, kuopa kubwereza colakwa ca zaka za m'ma 1970.

Malamulo nawonso asintha. Kuyambira 2016 wapampando wa khonsolo amasankhidwa ndi anthu onse, osati ndi makhansala okha. Thumba la citukuko ca dera la phungu, limene ambiri alidziwa ndi dzina lakuti CDF, linakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo linapitirira K30 miliyoni mu 2024. Ndalama zimenezi sizingadzutse fakitale ya nsalu, koma zikwanira kumanga zipinda za sukulu, kukumba mijigo ndi ngalande, kugula madesiki, ndi kulipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Maganizo a nchito zotere ayambira m'makomiti a citukuko a m'mawodi, kumene munthu wamba ali ndi ufulu wolankhula.

Kale zonse za Kafue zinali kugamulidwa ku Lusaka, ndipo wokhala m'komboni analibe womufunsa. Tsopano khansala ndi wapampando wa khonsolo ndi anthu okumana nao pamsika ndi pamaliro. Lamulo limeneli ndi limodzi m'dziko lonse, kotero kuti mafunso amene afunsidwa ku Soloboni ayenera kufunsidwanso ku Nyimba, ku Chadiza ndi ku Mambwe: ndalama zabwera zingati, nchito yake ndi iti, wapatsidwa kuigwira ndani, ndipo itha liti.

Madzulo, mlendo asanakwere minibasi yobwerera ku Lusaka, angatsikire kumtsinje. Amayi amagulitsa nsomba zocokera ku doko la Chanyanya, mabwato amapita pakati pa udzu wa m'madzi, ndipo malole olemera amaoloka kupita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Kumtunda kuli ulalo wa njanji wa 1906, umene sitima za katundu zikali kuolokapo.