Nkhomaliro ya Masiku 60

Kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Orlando, m'chigawo cha Florida ku America, kuli malo aakulu a zisangalalo otchedwa Walt Disney World. Mwini maganizo a malowa, Walt Disney, sadawaone ndi maso ake pakuti adamwalira mu Disembala 1966. Amene adaitenga ntchitoyo n'kuifikitsa kumapeto ndi mkulu wake Roy, ndipo paki yoyamba, ya Magic Kingdom, idatsegulidwa pa 1 Okutobala 1971. Pakatikati pa pakiyi pali nyumba yachifumu ya Cinderella, mtsikana wa m'nthano uja adataya nsapato yagalasi pothawa kugule pakati pa usiku. Nyumbayi ndi ya nsanja zosongoka, yotalika mamita pafupifupi 58, ndipo munthu akangolowa pachipata maso ake amathamangira komweko. Chimene alendo ambiri sachizindikira msanga n'chakuti m'mwamba mwa nyumbayo, pamwamba pa khwalala limene anthu amadutsamo, muli chipinda chodyeramo.

Chipindachi dzina lake ndi Cinderella's Royal Table. Kuyambira 1971 mpaka 1997 chinkatchedwa King Stefan's Banquet Hall, dzina lodabwitsa ndithu, chifukwa mfumu Stefan ndi bambo wa mtsikana wa m'nthano ina, Aurora wogona tulo tosadzuka uja. Zidali ngati kulemba dzina la mnansi pachitseko cha nyumba ya mwini. Koma dzina lakale kapena latsopano, vuto la chipindachi ndi la masamu. Mu 2023 anthu oposa 17 miliyoni adalowa mu Magic Kingdom, ndiye kuti tsiku lililonse pachipata pankadutsa anthu pafupifupi 48,000. Chipinda chodyeramo n'chimodzi chokha, mipando yake ndi yowerengeka, ndipo sichingakulitsidwe popanda kugumula nyumba yomwe anthuwo amadzera. Apa m'pamene pagona nkhani.

Ine ndidalowa m'gulu la osaka mipandoyi chifukwa cha lonjezo. Mwana wanga wamkazi ankayembekeza kukwanitsa zaka 7 Loweruka pa 16 Novembala 2024, ndipo m'miyezi yomweyo amayi anga adali atabwera kuchokera kumudzi kudzacheza nafe kuno ku America. Tidagwirizana ndi mayi wa kunyumba kuti tonse anayi tikaone pakiyo. Madzulo ena mwanayo, akuyang'ana chithunzi cha nyumba ija, adandifunsa kuti, "Ababa, kodi n'zoona kuti m'menemu anthu amadyamo?" Ndidati amadyamo. "Ndiye ifenso tikadyamo pa tsiku langa?" Ndidavomera. Pajatu akulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Pomwe sabata inkatha, nkhaniyo idali itafika kwa aphunzitsi ake ndi kwa anzake onse a m'kalasi, ndipo agogo ake adali atayamba kale kumusokera diresi la buluu ndi manja, singano ili pakamwa, magalasi ali pamphuno.

Malo a m'chipinda chimenechi munthu amachita kusungitsiratu, ndipo kusungitsako kuli ndi malamulo ake. Kale anthu ankayamba kusungitsa kutatsala masiku 180, pafupifupi theka la chaka. Mliri wa Covid-19 utatseketsa mapaki onse mu Malichi 2020, n'kudzatsegulidwanso mu Julayi chaka chomwecho, masikuwo adachepetsedwa kufika pa 60. Pa intaneti mwayi umatseguka cha m'ma 6 koloko m'mawa pa nthawi ya ku Florida. Choncho wokhala ku California amadzuka 3 koloko isanakwane, pamene wa ku London amangodikira 11 koloko atamwa kale tiyi wake. Kumene ine ndimakhala nthawi imatsalira ndi ola limodzi, ndiye ola langa lidali 5 koloko m'bandakucha. Tebulolo silikupatsa ufulu wolowera pachipata. Tikiti ya paki umagula payokha. Ndipo m'nyumba ya Cinderella mtengo wonse wa chakudya umalipiriratu tsiku lomwe ukusungitsa malowo. Nditawerenga chobwerera m'mbuyo pa kalendala kuchokera pa 16 Novembala, chala changa chidaima pa Lachiwiri, 17 Seputembala.

Amayi adandipeza ndikuzunguliza tsikuli ndi cholembera chofiira, nafunsa chimene chinkachitika. Nditawafotokozera adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Iwe mwana wanga, ukuti chakudya chimenechi aphika kale?"

"Iyayi amayi, tikungosungitsa mipando."

"Nanga udziwa bwanji lero kuti tsiku limenelo njala idzakuwawa nthawi yanji?"

Funsoli ndidaliseka, koma lidandikhala m'mutu. Amayi adakulira pakhomo pomwe mlendo safunsidwa tsiku lofika. Akatulukira mphika uli pamoto, umangothiramo ufa wina, ndiwo n'kuzigawa pang'onopang'ono kuti zikwane. Kwa iwo, kulonjezana ndi mbale ya chakudya miyezi iwiri isanaphikidwe kudali ngati kuika tsiku la mvula yoyamba. Komatu mphika wa anthu 48,000 suthiridwa ufa wina. Pamene anthu achuluka chotere, malo a ulemu wa pakhomo amatengedwa ndi mndandanda ndi wotchi.

Pa 17 Seputembala ndidadzuka 4 koloko itapitirira pang'ono. Nyumba yonse idali zii. Ndidayatsa kompyuta, foni ndidaiika pambali pake, khadi la kubanki lili pafupi, mayina athu anayi nditalemberatu. Nthawi itakwana ndidasankha tsiku, ndidasankha anthu anayi, ndidasankha nkhomaliro. Padalibe malo. Ndidayesa kadzutsa, ndidayesa mgonero. Kudaoneka tebulo limodzi la usiku kwambiri, nthawi imene mwana wa zaka 7 amakhala atagona kalekale, ndipo ndikali kulingalira ngati lingatithandize, lidazimirira pamaso panga. Wina, kwinakwake padziko lapansi, adali atalitola. Tiyi amene ndidathira podzuka adali asanazizire n'komwe.

Chifukwa chake chili m'lamulo lina. Mlendo amene wasungitsa chipinda m'hotela za mwini paki amaloledwa, pa tsiku la 60 asanafike, kusungitsa malo odyera a ulendo wake wonse mpaka masiku 10. Tiyerekeze banja lofika pa 9 Novembala n'kukhala sabata ndi masiku angapo. Banja limeneli lidayamba kusungitsa pa 10 Seputembala, ndipo tsiku lomwelo lidali ndi mwayi wotenga tebulo la pa 16 Novembala, sabata yathunthu ine ndisanaloledwe ngakhale kusuzumira. Ife tidali titapeza malo ogona otsikirapo mtengo kunja kwa mpanda. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo pa liwiro ili ena amayamba ali kale patsogolo.

Kunena zoona, dongosololi ndimaliona pawiri. Mbali ina ndi lachilungamo kuposa mizere yambiri imene ndidaimapo pa moyo wanga. Palibe mlonda woti umunong'oneze, palibe msuweni wogwira ntchito kukhitchini woti akulowetse chakuseri, ndipo kompyuta siyang'ana nsapato zimene wavala. Lamulo lidalembedwa poyera, aliyense angathe kuliwerenga. Komanso sindingakane kuti wamalonda aliyense amakondera kasitomala amene wamugula zambiri. Ngakhale mayi wogulitsa tomato amaikira basera wogula mulu waukulu. Chokhacho n'chakuti basera la kuno ndi masiku, ndipo amene amalipeza ndi uja ali ndi ndalama zogonera usiku wambiri m'hotela zodula. Mwana wolota nyumba yachifumu sadziwa zimenezi. Iye amangodziwa kuti ababa adati tikadyamo.

M'mawa womwewo ndidasungitsa tebulo lina loti tidzagwerepo zikakanika, ku Be Our Guest, malo odyera a m'paki yomweyo amene adatsegulidwa mu 2012 potsanzira nyumba ya m'filimu ya Beauty and the Beast ya 1991. Kumeneko zipinda n'zitatu ndipo anthu amalowa ambiri, choncho malo adapezeka. Ndi malo okongola, ndipo m'zaka zake zoyamba nawonso ankalimbiranidwa koopsa. Koma si nyumba ya Cinderella, ndipo diresi limene agogo ankasoka lidali la buluu.

Tsono idayamba ntchito yodikira. Amene adazolowera maulendowa amadziwa kuti tebulo lotengedwa silinapite mpaka kalekale. Anthu amasintha maganizo, maulendo amalephereka, ndipo ena amasungitsa malo angapo n'cholinga chodzasankha bwino pambuyo pake. Pofuna kuchepetsa khalidwe lomalizali, malo ambiri odyera kumeneko amafuna nambala ya khadi la kubanki, ndipo wosabwera popanda kudziwitsa amadulidwa madola 10 pa munthu aliyense. Kuopa chilangochi kumachititsa kuti tsiku likamayandikira anthu azibweza matebulo amene sakuwafuna, ndipo tebulo lobwezedwa limaonekeranso pa intaneti kwa aliyense amene ali maso pa mphindi imeneyo. Padabukanso timakampani tapadera timene ntchito yake ndi kulondera mipata yotereyi usana ndi usiku, n'kutumiza uthenga pafoni kwa amene watilipira. Taonani malonda obadwira pa malonda anzake: kulipira munthu kuti akuuze nthawi yoti ukalipire chakudya! Ine ndidasankha kulondera ndekha.

Ndinkayang'ana podzuka, pa nthawi yopuma kuntchito, ndi pogona. Ndinkayesa anthu anayi, kenaka awiriawiri pa nthawi zoyandikana, poganiza kuti mwina tikakapempha adzatiika pamodzi. Seputembala adatha, Okutobala adalowa n'kutha. Mwana ankafunsa Lamlungu lililonse, ndipo ine ndinkangoti, "Tikuyang'anabe, mama." Usiku wina mayi wa kunyumba adandiuza kuti ndibwino timukonzekeretse mwanayo, kuti tsikulo lisadzamugwere ngati mwala. Ndidapempha sabata ina imodzi. Si kuti ndinkaopa misozi, pakuti misozi ya mwana imauma msanga. Ndinkaopa kuti pa zaka 7 ayambe kuyeza mawu a bambo wake asanawakhulupirire.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kutatsala masiku 6, ndili pamzere wolipira m'sitolo, ndidatulutsa foni mwachizolowezi chabe. Padali tebulo la anthu anayi, pa 16 Novembala, nthawi ya 2:50 masana. Si nthawi ya nkhomaliro, si nthawi ya mgonero, koma sindidalingalire kawiri. Ndidalipira ndili chiimire, ngolo ya katundu ndaitsamira, wa kumbuyo kwanga akutsokomola mondikumbutsa kuti mzere wasuntha. Nditatuluka ndidabweza tebulo la ku Be Our Guest lija kuti wina alitole.

Tsikulo litafika, 2:50 ija ndiyo idalamulira zonse. Kadzutsa tidadya mochedwa dala kuti mimba zipirire. Masana mwana atapempha chakudya tidamupatsa chipatso chokha. Pa mzere wina wokwerera zoseweretsa tidaimapo nthawi ndithu, koma titaona kuti wotchi yatithamangira tidatulukapo tisanakwere. Funso la amayi lija lidayankhidwa motero: sitidadziwe nthawi imene njala idzatiwawe, tidachita kuilamula njalayo kuti idikire nthawi yathu.

Pakhomo adayang'ana dzina lathu pa mndandanda natilowetsa m'chipinda chapansi, mmene mtsikana wovala ngati Cinderella amalonjerana ndi banja lililonse. Mwana wanga, amene pakhomo pathu satseka pakamwa, adangoti kakasi, atagwira mpendero wa diresi lake. Cinderella adawerama nayamikira diresilo, ndipo mwanayo adaloza agogo ake osanena kanthu. Amayi sadamve Chingerezicho, koma adamva zonse. Kuchoka apo tidakwera makwerero okhotakhota kufika m'chipinda chodyeramo, cha denga lalitali, mbendera zili lendelende, mawindo ake agalasi lamitundumitundu oyang'ana kumene ana amakwera akavalo ozungulira. Tikudya, ana aakazi a mafumu a m'nthano zina ankayenda tebulo ndi tebulo, kucheza pang'ono, kujambulitsa, n'kupitirira.

Za chakudyacho ndinene mosabisa: chidali chabwino, chophikidwa mwaukhondo, koma ndalama yomweyo ikadatigulira chokoma koposa m'malo ena a mumzinda. Palibe amene amadzuka m'bandakucha chifukwa cha nyama ya m'mbale imeneyo. Chimene chimagulidwa ndi chipindacho, ndi mphindi zochepa zija pamene munthu wa m'nthano akutchula mwana wako dzina.

Mbale zisanafike, amayi adayang'ana mipando yathu inayi nandifunsa chapansipansi, "Paja unati malo ano adali a eni ake?"

"Inde amayi, adawabweza."

"Adabweza chifukwa chiyani?"

Ndidati sizilembedwa. Iwo adapukusa mutu. "Munthu sadzuka usiku kusaka chinthu, n'kulipira, kenaka n'kungochisiya. Kaya mwana wawo wadwala." Ndipo monga amachitira pa chakudya chilichonse, adatiuza kuti titsinzine. Adapempherera mdzukulu wawo, adapempherera ulendo wathu wobwerera, napemphereranso banja losadziwikalo, kuti ngati kuli matenda achire. Pempherolo lidatalika ndithu. Nditatsegula maso ndidapeza mnyamata woperekera zakudya ataima pambali, mbale zili m'manja, akudikira mwaulemu kuti amayi anene ameni.